Kuona zimene zili m'kati mwa selo la khansa ndi kuwala kwa infrared: njira iti pa ntchito iti?

Kachidutswa ka chotupa kakatuluka m'chipinda cha opaleshoni, ulendo wake ndi wodziwika kale. Amakanyika mu formalin kuti kasawole, amakaumba m'phula, amakasenga ndi mpeni wa makina mpaka kapyapyale kuposa khoko la anyezi, kenako amakapaka utoto wa mitundu iwiri. Haematoxylin amadetsa phata la selo kuti lioneke la buluu, eosin amafiiritsa zotsalazo. Dokotala woyeza minofu amayang'ana pa maikulosikopu n'kunena kuti apa pali khansa, apa palibe. Utoto umenewu unayamba kugwira ntchito m'zaka za m'ma 1870, ndipo anthu osawerengeka ali moyo lero chifukwa cha iwo.

Komabe utoto umangoonetsa maonekedwe. Sunena kuti selo ladzaza mafuta a mtundu wanji, mapulotini ake apindika bwanji, shuga amene linasunga akadalipo kapena watha, ndiponso kuti mankhwala amene wodwala akulandira akafika pati m'kati mwa selolo. Khansa imasokoneza zonsezi. Otto Warburg anaona kale m'zaka za m'ma 1920 kuti maselo a khansa amadya shuga mwadyera kuposa anzawo. Anamwino amene amayeza khomo la chiberekero mfundoyi amaidziwa ndi maso. Kwathu timazolowera kuyeza ndi viniga, koma palinso kuyeza ndi ayodini: maselo abwino amakhala ndi glycogen wambiri (shuga wosungidwa m'selo) ndipo amada bii akapakidwa, pamene maselo amene ayamba kusokonekera amatsala achikasu chifukwa glycogen wawathera. Mu 1991 Patrick Wong wa ku Ottawa ndi anzake anaonetsa kuchepa kwa glycogen komweku m'maselo a khomo la chiberekero popanda kupaka chilichonse. Anangowalitsira kuwala kwa infrared, kumene maso sakuona, n'kuwerenga kuwala kumene kwamezedwa.

Kuyambira pamenepo njira zachuluka, ndipo iliyonse ili ndi oikonda ake. Ndikufuna ndiziike pamodzi kuti wophunzira, dokotala kapena wofufuza amene akuwerenga za izi adziwe chimene njira iliyonse imapereka komanso chimene imalanda. Maganizo anga ndinene poyambirira: makina oona tinthu tating'ono kwambiri sindiwo amene amayankha mafunso ambiri a khansa, ndipo kuthamangira nambala yaing'ono ya nanometre, mlingo woyezera tinthu totero, kwatayitsa anthu nthawi.

Kuwala kosaoneka ndi khoma limene kumagunda

William Herschel anatulukira infrared mu 1800 pamene anaika choyezera kutentha kuseri kwa mtundu wofiira wa kuwala kodutsa mu prism, pamalo pamene maso sankaona kanthu, ndipo kutentha kunakwera. Chimene chimapangitsa kuwala kumeneku kukhala kothandiza n'chakuti maatomu olumikizana mu molekyu sakhala chete. Amanjenjemera ngati nsambo za bangwe, nsambo iliyonse ndi liwu lake. Kuwala kwa infrared kukafanana ndi liwu la nsamboyo, molekyu imakumeza. Mukaona kuwala kumene kwasowa, mwadziwa nsambo zimene zilipo.

Mawu amenewa amalembedwa m'manambala a cm⁻¹, kutanthauza kuchuluka kwa mafunde okwana mu sentimita imodzi. Mapulotini amamveka kwambiri cha pa 1650 ndi 1545. Mafuta amamveka pa 1740, komanso pa 2850 ndi 2920. DNA ndi RNA zimamveka cha pa 1240 ndi 1080, glycogen cha pa 1030. Chigawo cha pakati pa 1800 ndi 900 akatswiri amachiyerekeza ndi chidindo cha chala, chifukwa mtundu uliwonse wa minofu umasiya mzere wakewake. Kadontho kalikonse ka chithunzi kamakhala ndi mzere woterewu, ndipo kompyuta imatha kupenta chithunzicho malinga ndi makemikolo amene ali pamalopo.

Vuto loyamba ndi kukula kwa funde la kuwalako. Micrometre imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita, ndipo nanometre ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a micrometre. Tsitsi la munthu ndi lokhuthala pafupifupi ma micrometre 70. Selo wamba ndi la ma micrometre 10 mpaka 20. Funde limene mapulotini amameza ndi lotalika ma micrometre 6, la DNA loposa 8. Ernst Abbe anafotokoza mu 1873 kuti magalasi sangasiyanitse tinthu tiwiri toyandikana kwambiri kuposa pafupifupi theka la funde limene akugwiritsa ntchito, ndipo pa makina enieni malirewo amafika msanga kuposa apo. Msodzi aliyense wa ku Nkhotakota amadziwa kuti ukonde wa maso akuluakulu umagwira kampango koma usipa umadutsa. Timadontho ta mafuta m'selo ndi ma mitochondria (tizigawo topangira selo mphamvu), zimene nthawi zambiri sizifika micrometre imodzi m'lifupi, ndiwo usipa wake.

Vuto lachiwiri ndi madzi. Madzi amameza infrared kwambiri cha pa 1640, pamalo pomwepo pamene mapulotini amamvekera. Selo lamoyo lili ndi madzi ambiri, ndipo limakhalanso m'madzi. Galasi wamba nalonso limameza pafupifupi chigawo chonse cha chidindo cha chala chija. Njira zonse zotsatirazi ndi mayankho osiyanasiyana a mavuto awiriwa.

FTIR, kholo la zonse

Njira yakale ndiponso yodalirika ndi FTIR (Fourier transform infrared). Kamtengo ka silicon carbide kamatenthedwa mpaka kufiira, kamatulutsa mafunde onse a infrared nthawi imodzi, ndipo masamu amawalekanitsa pambuyo. Poyamba ankayeza kadontho kamodzikamodzi. Mu 1995 Neil Lewis, Ira Levin ndi anzawo ku National Institutes of Health ku America analumikiza FTIR ndi kamera ya infrared yokhala ndi timaso tambirimbiri, ndipo kujambula minofu yonse kunayamba kutheka. Makamera oterewa amakhala ndi timaso 64 kuchulukitsa ndi 64 kapena 128 ndi 128, ndipo amafuna kuziziritsidwa ndi nitrogen wamadzi, amene kuzizira kwake ndi madigiri 196 pansi pa ziro. Mu 2005 gulu lomwelo, momwe munali Rohit Bhargava amene tsopano ali ku University of Illinois, linaonetsa kuti kompyuta ikhoza kuzindikira mitundu ya maselo a prostate ndi kusiyanitsa khansa popanda utoto.

Mphamvu ya FTIR ndi kukwanira kwake. Imakupatsani mzere wonse, kuchokera cha pa 900 mpaka pafupi ndi 4000, pa kadontho kalikonse. Ngati simukudziwa chimene mukufuna, ngati mukungoyamba kufufuza mtundu wa chotupa umene ena sanaufufuze, palibe njira ina imene imatsegula maso chonchi. Zolembedwa zambiri zoyerekezera nazo zinapangidwanso ndi FTIR.

Kufooka kwake kuli pawiri. Ndi yochedwa: kachidutswa kamodzi kokula ngati chikhadabo kakhoza kudya maola ambiri, ndipo mafayilo ake ndi olemera koopsa. Ndiponso khoma la Abbe limaigwira ndithu. Imaona gulu la maselo, imaona selo limodzi ngati chibuluma, nthawi zina imasiyanitsa phata la selo ndi zolizungulira, koma m'kati mwenimweni simulowa. Kachidutswa kamafunanso kuikidwa pa calcium fluoride kapena barium fluoride m'malo mwa galasi, ndipo zimenezi n'zodula komanso zosachedwa kusweka.

Pali njira ziwiri zoikankhira patsogolo. Yoyamba ndi ATR, imene Sergei Kazarian wa ku Imperial College London waigwiritsa ntchito kwambiri. Kamwala ka germanium kamakanikizidwa pa minofu, ndipo popeza kuwala kumayenda pang'onopang'ono kanayi m'kati mwa germanium, funde limafupika ndipo chithunzi chimayera bwino. Mtengo wake ndi wakuti mwalawo umakhudza minofu, ukhoza kuiphwanya kapena kunyamula zinyenyeswa kupita nazo pamalo ena, ndipo umangoona pamwamba, kuya kwa pafupifupi micrometre imodzi.

Yachiwiri ndi synchrotron, chimphona cha makina ozungulitsa ma electron chimene kuwala kwake kumaposa kamtengo kotentha kaja ka 100 mpaka ka 1,000 pa kadontho kakang'ono. Diamond Light Source ku Oxfordshire, SOLEIL ku France, ALBA pafupi ndi Barcelona, Australian Synchrotron ku Melbourne ndi SESAME ku Jordan onse ali ndi malo oyezera infrared. Kuwala kukachuluka, mumafika pa malire enieni a Abbe ndi mzere woyera, ndipo mukhoza kuyeza maselo amoyo ali m'kamadzi kopyapyala. Malirewo simuwadumpha. Mumalembanso pempho, n'kudikira miyezi, n'kupatsidwa masiku owerengeka. Mu Africa monse mulibe synchrotron ngakhale imodzi, ndipo n'chifukwa chake asayansi a kuno akhala akulimbikitsa ntchito ya African Light Source. Wofufuza wa ku Lilongwe kapena Lusaka wofuna njirayi ayenera kupeza mnzake wa kunja ndi ndalama za ulendo.

QCL, liwiro la chipatala

Quantum cascade laser (QCL) inapangidwa ku Bell Labs mu 1994 ndi Jérôme Faist, Federico Capasso ndi anzawo. M'malo mowalitsa mafunde onse mofooka, imawalitsa funde limodzi mwamphamvu, ndipo inu mumasankha lake. Ngati mwadziwa kale kuti mafunde 10 kapena 20 ndiwo amasiyanitsa khansa ndi minofu yabwino, palibe chifukwa chotayira nthawi pa mazana otsalawo. Kuwala kwake ndi kochuluka moti kamera yosafuna nitrogen imakwanira. Maikulosikopu a Spero a kampani ya Daylight Solutions anatsegula msika, ndipo Bruker ndi Agilent nawo ali ndi awo.

Gulu la Klaus Gerwert ku Ruhr University ku Bochum, ku Germany, linaonetsa mu 2018 kuti QCL imazindikira khansa ya m'matumbo pa zidutswa za odwala mwaliwiro loposa la FTIR kopitirira ka 100. Ntchito ya tsiku lathunthu inasanduka ya mphindi. Pambuyo pake gulu lomwelo linagwiritsa ntchito zithunzi zoterezi pofuna kudziwa zotupa zokhala ndi vuto lotchedwa microsatellite instability, limene limathandiza madokotala kusankha amene angapindule ndi mankhwala olimbikitsa chitetezo cha m'thupi. Kwa ine apa ndi pamene infrared ikuyandikira bedi la wodwala kuposa pena paliponse.

Koma onani bwino: QCL yathetsa vuto la nthawi, la ukonde lidakalipo. Funde lidakali la ma micrometre 6. Ma QCL ambiri amangofika pakati pa 950 ndi 1800, choncho mawu amphamvu a mafuta a pa 2850 ndi 2920 amasowa pokhapokha mutawonjezera laser ina. Kuwala kwa laser kumabweretsanso timizere ndi timathothomathotho pa chithunzi chifukwa mafunde ake amawombana okhaokha, ndipo opanga makina akhala akulimbana nazo. Ngati funso lanu ndi lakuti pa kachidutswa aka khansa yafika pati, QCL ndiye yankho. Ngati funso lili m'kati mwa selo limodzi, pitirirani.

O-PTIR: kumvetsera kutentha ndi kuwala kobiriwira

Apa ndi pamene nkhani imandikoka mtima. Mwezi wa Okutobala masana, msewu wa tala umaoneka ngati patsogolo pali madzi. Madziwo kulibe. Mpweya wotentha wapinda kuwala. Njira ya O-PTIR (optical photothermal infrared) yatenga nzeru yomweyo. Laser ya infrared imawombera selo mothwanima mwachangu kwambiri. Pamene pali molekyu yomeza fundelo pamatentha pang'ono zedi, pamafufuma pang'ono, ndipo kapindidwe ka kuwala pamalopo kamasintha. Tsono laser yachiwiri, ya kuwala kooneka, nthawi zambiri yobiriwira ya ma nanometre 532, imayang'ana malo omwewo n'kuona kusinthako. Infrared ndiyo imafunsa kuti pali chiyani, kuwala kobiriwira ndiko kumanena kuti pali pati. Popeza funde lobiriwira ndi lalifupi kuposa la infrared kopitirira ka 10, maso a ukonde achepa mofananamo.

Gulu la Ji-Xin Cheng, pa nthawiyo ali ku Purdue University asanapite ku Boston University, linafalitsa mu 2016 zithunzi za maselo amoyo ndi tinyongolotsi tamoyo zosiyanitsa tinthu ta micrometre 0.6. Kampani ya Photothermal Spectroscopy Corp ya ku Santa Barbara inapanga makina ogulitsa n'kuwatcha mIRage, dzina lochokera ku madzi abodza a pa msewu aja. Pa mlingo wa theka la micrometre, timadontho ta mafuta timaoneka palokhapalokha, phata la selo limasiyana bwino ndi zolizungulira, ndipo kaphata kakang'ono ka m'kati mwa phatalo nako kamaonekera. Mu 2024 gulu la Takuro Ideguchi ku University of Tokyo linafika pa ma nanometre 120 pojambula mabakiteriya.

N'chifukwa chiyani timadontho ta mafuta tili nkhani? Khansa zina zimaunjika mafuta ngati nkhokwe. Khansa ya impso yofala kwambiri imatchedwa clear cell chifukwa maselo ake amadzaza mafuta ndi glycogen, zimene zimasungunuka pokonza kachidutswa n'kusiya selo looneka ngati lopanda kanthu. Mu 2014 Shuhua Yue ndi Cheng anapeza kuti khansa ya prostate yaukali imaunjika mafuta otchedwa cholesteryl ester m'timadontho take, ndipo anagwirizanitsa zimenezi ndi kutayika kwa jini yotchedwa PTEN. Iwo anagwiritsa ntchito Raman, njira ina yoyezera ndi kuwala imene tiiona kutsogoloku, koma funso la mtundu umenewu, lakuti m'kadontho aka muli mafuta anji, ndilo limene O-PTIR imayankha bwino, chifukwa liwu la pa 1740 ndi lamphamvu kwambiri mu infrared.

Ubwino wina ndi wa tsiku ndi tsiku. Palibe chokhudza selo. Mzere umene umatuluka umafanana ndi wa FTIR, choncho zolembedwa zakale zimagwirabe ntchito. Kawirikawiri zimatheka kuyeza pa galasi wamba, zimene zikutanthauza kuti zidutswa zosungidwa m'zipatala zikhoza kuyezedwa. Maselo amoyo ali m'madzi amathekanso, ndipo gulu la Peter Gardner ku University of Manchester layeza maselo a khansa otere. Laser yobiriwira ija imatulutsanso Raman nthawi yomweyo, pamalo omwewo, ndiye mumapeza maumboni awiri pa ulendo umodzi.

Zovuta zake zisabisike. Makina ambiri amayenda kadontho ndi kadontho, funde limodzi pa ulendo uliwonse, choncho kujambula kachidutswa konse ndi mafunde ambiri kumachedwa kuposa QCL. Laser yobiriwira imawotcha minofu yakuda, monga yokhala ndi melanin wambiri kapena magazi, ngati mphamvu yake siyinachepetsedwe. Madzi amamezabe gawo la infrared asanafike pa selo. Kukula kwa chizindikiro kumadaliranso mmene malowo amasungira kutentha, choncho kunena kuti apa pali mafuta ochuluka kawiri kuposa apo kumafuna kusamala. Ofufuza akupanga mitundu yojambula dera lonse nthawi imodzi. Umodzi mwa iyo ndi wa Martin Schnell ndi Bhargava wa mu 2020, umene unawonjezera laser ya infrared pa maikulosikopu wamba n'kujambula minofu ya bere mopanda utoto.

AFM-IR ndi s-SNOM: kupapasa ndi singano

Mukafuna kutsika kupitirira apo, magalasi muwasiye. Atomic force microscope, imene Gerd Binnig, Calvin Quate ndi Christoph Gerber anapanga mu 1986, imayenda pa chinthu ndi kasingano kosongoka kwambiri, monga munthu wosaona amadziwira njira ndi ndodo. Mu 2005 Alexandre Dazzi wa ku Orsay, pafupi ndi Paris, anaphatikiza singanoyi ndi infrared, njira imene imatchedwa AFM-IR. Laser ikawombera, malo omeza kuwala amafufuma mwadzidzidzi n'kukankha singano, ndipo kugwedezeka kwa singanoyo ndiko kumayezedwa. Malire tsopano ndi kusongoka kwa singano, ma nanometre 10 mpaka 20 pa zinthu zabwino. Kampani ya Anasys inayamba kugulitsa makinawa, ndipo Bruker inaigula mu 2018.

Chitsanzo chimene chimaonetsa phindu lake bwino ndi cha mu 2011. Clotilde Policar, Dazzi ndi anzawo anatenga mankhwala ofanana ndi tamoxifen, amene amaperekedwa pa khansa ya m'mawere, okhala ndi kachigawo ka rhenium komveka pakati pa 1900 ndi 2000. Pamenepo selo palokha limakhala chete, choncho liwu lililonse lomveka ndi la mankhwalawo. Anawapeza atalowa m'phata la maselo a khansa ya m'mawere. Funso lakuti mankhwala amakathera pati ndi lalikulu kwa opanga mankhwala, ndipo singano inaliyankha.

Mbale wake ndi s-SNOM, imene Fritz Keilmann ndi Rainer Hillenbrand anaikulitsa ku Germany. Singano yachitsulo imasonkhanitsa kuwala pa nsonga yake ngati mlongoti wa wailesi, ndipo makina amawerenga kuwala kobwerera. Imafikanso pa ma nanometre 10 mpaka 20, koma imangomva khungu la pamwamba, osapitirira pafupifupi ma nanometre 100 kuya kwake.

Manambalawa ndi okopa, ndipo ndi pamene ambiri amagwera. Selo liyenera kufa, kuumitsidwa kapena kuumbidwa mu pulasitiki n'kusengedwa mopyapyala koopsa. Kuuma kumasuntha zinthu, pulasitikiyo ili ndi mawu akeake a infrared, ndipo mankhwala ena okonzera amatsuka mafuta. Dera limene singano ingayende ndi laling'ono, nthawi zambiri losafika ma micrometre 100 mbali iliyonse, ndipo chithunzi cha funde limodzi chimatenga mphindi zingapo kapena zambiri. Tsiku lathunthu likhoza kutha mutayeza maselo owerengeka ndi zala. Chotupa chimodzi chili ndi maselo mamiliyoni osafanana, ndiye maselo asanu sangalankhule m'malo mwa onse. Palinso msampha wa kulimba: malo olimba ndi malo ofewa amakankha singano mosiyana ngakhale makemikolo ali ofanana, ndipo chithunzi chikhoza kuonetsa kusiyana kumene kulibe. Seth Kenkel ndi Bhargava anapanga njira yosunga singano kuti isapindike poyeza n'cholinga chochotsa bodza limeneli, ndipo anaigwiritsa ntchito pojambula m'kati mwa maselo a bere. Ndi sitepe yofunika, koma kuchedwa ndi kufunika kwa selo louma zidakalipo.

Raman sitingamusiye kunja

Raman si infrared, koma aliyense wosankha njira amamupeza pa mndandanda. C. V. Raman anatulukira mu 1928 ku Calcutta kuti kagawo kochepa ka kuwala kogunda molekyu kamabwerako katasintha mtundu, ndipo analandira mphoto ya Nobel mu 1930. Madzi samusokoneza kwenikweni, ndipo popeza amagwiritsa ntchito kuwala kooneka kapena koyandikana nako, amalowa m'selo lamoyo mosavuta. Chizindikiro chake ndi chofooka kwambiri, kadontho kamodzi ka kuwala pa mamiliyoni, choncho Raman wamba ndi wochedwa. Gulu la Sunney Xie ku Harvard linaonetsa mu 2008 mtundu wofulumira wa ma laser awiri wotchedwa SRS.

Pa kufika m'chipatala, SRS yatsogola. Mu 2020 Todd Hollon, Daniel Orringer ndi anzawo anafalitsa kafukufuku wa odwala 278 a zotupa za mu ubongo. Kachidutswa kankajambulidwa opaleshoni ili m'kati, kompyuta n'kupereka yankho pasanathe mphindi 3, ndipo inalondola pa 94.6 peresenti poyerekeza ndi 93.9 peresenti ya njira yozolowereka. Zithunzi zimenezo zimachokera pa mafunde awiri okha, la mafuta ndi la mapulotini. Pa chigawo cha chidindo cha chala, pamene pali tsatanetsatane wa makemikolo, infrared imamva bwino kuposa Raman.

Tsono musankhe iti?

Yambani ndi funso, ndipo mulinene ndi mlingo wake. Ngati mukufuna kudziwa malire a chotupa, mtundu wake, kapena kuyerekeza odwala mazana, tengani QCL, ndipo FTIR ikhale yokuthandizani kupeza mafunde oyenera poyamba. Ngati funso lili pa zimene zikuchitika m'kati mwa selo, monga mafuta, glycogen, kapena kusintha kwa selo litalandira mankhwala, ine ndingasankhe O-PTIR mosazengereza, chifukwa theka la micrometre limakwanira pa mafunso ambiri otere ndipo selo likhoza kukhala lamoyo. Singano ndi ya funso limene mwalipanikiza kale mpaka latsala pa kachinthu kamodzi, monga ulusi wa pulotini, khungu la selo kapena kadontho konyamula mankhwala.

Powerenga zimene opanga makina ndi ofufuza amalemba, pali zinthu zochenjera nazo. Kukula kwa kadontho ka chithunzi ndi chinthu china, kuthekera kosiyanitsa tinthu tiwiri ndi chinanso. Makina akhoza kudula chithunzi m'timadontho ta micrometre imodzi pamene kuwala kwake kukuphimba ma micrometre asanu. Nambala ya nanometre yolembedwa pa kabuku nthawi zambiri inayezedwa pa pulasitiki yosalala, ndipo selo silikhala losalala. Maselo ozungulira amamwazanso infrared n'kupotoza mzere, moti ofufuza ena akale ankawerenga kupotokako ngati kusintha kwa mapulotini mpaka Paul Bassan ndi Gardner atafotokoza gwero lake ndi masamu olikonzera cha m'ma 2009 ndi 2010. Pa nkhani ya kompyuta yophunzitsidwa kuzindikira khansa, funsani chiwerengero cha odwala. Mizere miliyoni imodzi yochokera kwa odwala 6 ndi umboni wa anthu 6 basi, ndipo uyenera kuyesedwa pa zidutswa za chipatala china.

Chimene chimaiwalika kwambiri ndi kakonzedwe ka kachidutswa. Phula limamveka pa 2850, 2920 ndi cha pa 1465, malo omwewo a mafuta, ndipo xylene ndi alcohol zogwiritsa ntchito pokonza zimakokolola mafuta a selo. Wofuna kufufuza mafuta pa zidutswa za m'phula akufufuza m'nkhokwe yosesedwa kale, ngakhale atakhala ndi makina odula chotani. Ayenera kugwiritsa ntchito minofu youmitsidwa ndi chisanu kapena maselo amoyo. Koma pa mapulotini, collagen ndi DNA, zidutswa za m'phula zimagwira ntchito, ndipo izi ndi nkhani yabwino kwa malo ngati labotale ya ku Kamuzu Central Hospital, imene inatsegulidwa mu 2011 mogwirizana ndi University of North Carolina. Zidutswa zoumbidwa m'phula zimasungika zaka popanda firiji ndipo zimatumizika kutali, malinga chilolezo cha odwala ndi cha makomiti oyang'anira kafukufuku chilipo.

Njirazi zimathekanso kuzitsatanitsa pa kachidutswa kamodzi, chifukwa infrared siwononga minofu. Mumayamba ndi QCL kuona dera lonse, mumasankha malo okayikitsa n'kuwalowa ndi O-PTIR, ndipo ngati patsala funso la nanometre mumasenga kachidutswa koyandikana nako ka singano. Pomaliza kachidutswa komweko kamapakidwa haematoxylin ndi eosin n'kupita kwa dokotala woyeza minofu, amene amalemba malire a khansa ndi dzanja lake, ndipo malire amenewo ndi amene kompyuta imaphunzirirapo komanso kuyesedwerapo.